Nkhunda za Bizwick

Kande, 3 Juni 2024

Kwa Bambo Zikani Longwe,
Wokonza mafoni ku Joni, amene m'kaundula wa mpingo amalembedwa kuti ndi mlongo wanga.

MUTU: DANDAULO LA SOKOSI IMODZI

Mwe uli, Ada Longwe? Kuno tadzuka, mwera wayamba.

Ndikulemba ndi mtima wosweka kukudziwitsani kuti katundu munatumiza pa basi uja wafika. Kabokosi kokopera magemu kali bwinobwino. Koma mwakakulunga m'sokosi imodzi. Imodzi, Ada. Yaubweya, yokongola, ya mtundu umene mphunzitsi wa fizikisi amangouona m'mapazi mwa anzake. Munandiona liti ndili ndi mwendo umodzi? Ndizifunditsa phazi lamanzere Lolemba, lamanja Lachiwiri? Ndikudikira yankho lolembedwa. Uthenga wa mawu sindilandira, chifukwa pakhomo pano makutu ndi ambiri kuposa anthu.

Tsopano zenizeni, iwe Zikani. Chiliza cha Bizwick tikuchivundukula pa 10 Ogasiti, ndipo mmisiri ku Chintheche akufuna mawu osema pofika pa 20 Julayi. Mwambo wa pakhomo pano ukuudziwa: pansi pa dzina la womwalira timasema mayina a ana ake. Amene sanasemedwe pamwala alibe munda, alibe malo omanga, alibe ngakhale podzaikidwa.

Monica, mtsikana wa ku Usisya uja, wabweranso pa boti, khanda kumsana. Akuti ndi la mchimwene wathu. Bizwick anamwalira mu Ogasiti, mwana anabadwa mu Malichi, masamu akulola. Asibweni a Maxwell, malume athu aja, sakulola. Akuti munthu wosamva, wosalankhula, akanafunsira bwanji mkazi? Ngati kuti ana amabwera chifukwa cha kulankhula. Aletsa aliyense kufunsa dzina la mwanayo, akuti wosalandiridwa safunsidwa dzina. Ndiye tikungomuti "uyo". Monica akugona kwa a m'bale wake ku msika, masana amadzakhala pansi pa mtengo wa mango.

Mboni yatsala imodzi: gemu yoweta nkhunda unamubweretsera Bizwick zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mwina iwe sunaione bwino mmene ankaisewerera. Nkhunda iliyonse ankaipatsa dzina la munthu wa pabanja. Amoyo ankakhala m'khola. Wina akamwalira, ankaiulutsa, dzinalo n'kupita patsamba la mitambo. Tsiku tinaika amama, anandionetsa akuulutsa yawo. Ndiye kaundula wake ameneyo, ndipo sankalembamo alendo. Ngati Monica ali m'kholamo, nkhani yatha.

Kagemu kake ka m'manja kanafa. Anakachapa pamodzi ndi zovala zake potsuka katundu wa maliro, ndi sopo, n'kukayanika pa thandala pakati pa chinangwa. Mwamwayi katiriji, kachipangizo kosunga gemuyo ndi mayina ake, ndinali nditaizula. Ndili nayo, laputopu ndili nayo. Pa kabokosi kako pali swichi, mbali ina 5, ina 3.3. Ndiike pati?

Mlongo wako wa sokosi imodzi,
Iness


Johannesburg, 9 Juni 2024

Achemwali,

Yewu. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kuno n'kwa chipongwe. Sokosi inayo ndavala ine. Tigawane mavuto.

Swichi ikani pa 5. Magemu akale a mtundu umenewo amadya mavolti asanu. Ya 3.3 ndi ya makatiriji a feki, amene anthu amapanga masiku ano ndi matchipi otchipa. Ya Bizwick ndi yeniyeni. Ndinaigula mu shopu yaikulu, m'bokosi lake, mchimwene wanga sindikanamugulira zotola.

Chitani chonchi. Lowetsani katiriji mu kabokosi, kabokosi mulumikize ku laputopu ndi chingwe. Tsegulani pulogalamu ndinakutumizirani, mukopere gemu yokha kaye, kenako mukopere zimene iye anasunga. Zikatero mutha kuzitsegula pa laputopu ngati mukusewera. Kabokosi kamangowerenga, sikalemba kanthu, musaope.

Koma musachedwe. M'kati mwa katiriji muli kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Ndi kamene kakugwirizira mayinawo. Kakatha, zonse zimafufutika nthawi imodzi, ndipo palibe sing'anga wa zimenezo. Zaka zisanu ndi zitatu ndi ukalamba kwa kabatire.

Ndipo musaitsegule katirijiyo. Palibe chifukwa. Ndikudziwa inu a ku yunivesite mukaona sikuluwu manja amayabwa. Musatsegule.

Za Monica ine sindikudziwa. Ndikungokumbukira kuti ulendo wanga womaliza Bizwick anandipempha sopo wonunkhira, munthu amene moyo wake wonse ankanunkha ukonde. Ndinamuseka. Anandimenya ndi chikho.

Moni kwa asibweni.

Zikani


Kande, 16 Juni 2024

Zikani,

Moni ndikupatsa wochepa chifukwa mtima suli m'malo. Ndikulembera ngati lipoti la mu labu.

Dzulo Loweruka masana ndinayala zida patebulo la pakhonde. Batire ya laputopu yanga inafa kalekale, ndiye imayaka ndi sola ya padenga. Kumwamba kunali mitambo ya mwera, dzuwa likutuluka n'kubisala. Asibweni anabwera ndi mpando wawo, atavala jekete ngati akupita ku Sesheni ya akulu a mpingo. Monica anali patali, pa mango paja.

Kukopera koyamba, 12:15. Pulogalamu inadandaula kuti zimene yawerenga sizikugwirizana, koma gemu inatseguka. Khola linaoneka. Nkhunda zina zinali ndi mitu iwiri, ina inalibe mapiko, mayina ambiri atasanduka timabokosi takuda. Ndinaona ZIKANI, ndinaona MAXWELL. Pakona panali M, kabokosi, NI, kabokosi, A. Asibweni akuti limenelo likhoza kukhala dzina lililonse. Ndinatsegula tsamba la mitambo, la akufa. Ada. Ama. Agogo onse awiri. Pansi pawo, zilembo zoyera bwino, zopanda chilema: INESS.

Ndinaseka. Asibweni sanaseke.

Ndinawafotokozera ngati ana a Fomu 2. Nkhunda iliyonse ili ndi kachizindikiro kamodzi, ziro kapena wani, khola kapena mitambo. Magetsi akagwedezeka, ziro amawerengeka ngati wani. Basi. Palibe mzimu pamenepo.

Kukopera kwachiwiri, 12:40. Dzuwa linalowa mumtambo, mphepo inaleka mwadzidzidzi, nkhuku zonse za pabwalo zinakalowa pansi pa nkhokwe. Ine ndinali nditabwerera m'khola. Dzina lija looneka ngati la Monica linasoweratu. Kumitambo kunali ZIKANI.

Kachitatu sindinatsegule n'komwe. Nditagwira katiriji kuti ndiizule, inali yofunda. Osati kutentha kwa waya wopsa ayi. Kufunda kwa chifuwa cha nkhunda ukaigwira m'manja. Ndinaiponya patebulo, ine mayi wa digiri.

Nditapezako nzeru ndinatenga mita yopimira magetsi ya ku sukulu. Chingwe chako chachitalicho chikufikitsa mavolti 4.3 kukachita mtambo, 5 dzuwa likawala. Ndiye vuto limodzi ndi limenelo, ndalimvetsa. Koma kufundako? Chinthu chimene chikulandira chakudya chake choyenera sichifunda chonchija. Ukutsimikiza kuti ndi yeniyeni?

Asibweni pochoka anati, "Ama, mwamudzutsa. Munthu anagona bwinobwino, mwamudzutsa, ndiye akusankha womuperekeza."

Yankha lero. Ngakhale ndi chala chimodzi.

Iness


Kande, 25 Juni 2024

Zikani Longwe,

Masiku asanu ndi anayi. Uthenga wanga uli ndi kachongi kamodzi. Ndikaimba, mzungu wamkazi akundiuza kuti kulibe munthu wotero. Ndaimbira Bright, mnzako wa ku Mpamba amene umagona naye nyumba imodzi, sakuyankha, koma makalatawa ndikumutumiziranso iye.

Ngati ukuchita dala chifukwa ndinakayikira shopu yako, ndiwe galu, ndipo ndakhululuka. Ngati uli m'manja mwa apolisi a mapepala, uza munthu. Ngati pali china, sindikufuna kuchilemba.

Katiriji ili m'chitini cha singano za Bizwick zosokera ukonde. Sindinaikhudzenso. Dzulo masana pa denga la nyumba ya Bizwick panatera nkhunda. Kande yonse palibe woweta nkhunda, koma ndikudziwa, mbalame zimauluka, ndi ntchito yake. Ndikungokuuza.

Iness


Kande, 30 Juni 2024

Kwa mphwanga Zikani, kudzera kwa a Bright,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino kupatula bondo.

Ndakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndinagwira ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya labala pamene amako anali asanadziwe kuti udzabadwa. Za makina sindine mbuli. Koma chimene mwayambitsa iwe ndi mlongo wako si makina. Ndi kuombeza. Ndaona ndi maso angawa dzina lako pakati pa akufa, ndipo kuchokera tsiku limenelo sunamveke. Usiku sindinena, ngakhale masana sindikudya.

Mlongo wako ndi wophunzira, koma sukulu yake inamuchotsa mantha osamupatsa china m'malo mwake. Akufuna kung'amba chinthucho. Ndakana. Katundu wa womwalira sang'ambidwa, sagawidwa, mpaka mwala utaima. Umu ndi mmene tinachitira ndi ada ako ndi amako.

Za mtsikana wa ku Usisya, musandiyese wankhanza. Munda wa Bizwick ndi wa kumtunda kuja, wokhawo umene madzi sanadye. Ndikausiya kwa mwana wa mphepo, mawa kubwera wina wa ku Ruarwe, mkuja wa ku Likoma. Amene sanalankhule ali moyo, aliyense akhoza kumuika mawu m'kamwa. Ndimuteteza ndine.

Chigamulo changa ndi ichi. Pa 13 Julayi amisiri akuthira simenti ya maziko a chiliza. Chinthucho ndichiika m'simentimo, chibwerere kwa mwini wake, agone. Pamwala padzalembedwa dzina lake lokha.

Ngati uli moyo, mwana wa mlongo wanga, lankhula.

Sibweni wako,
M. K. Chiumia


Johannesburg, 7 Julayi 2024

Achemwali,

Ndili moyo. Uzani asibweni adye.

Anandigwira atsotsi, atatu, pafupi ndi renki ya matekisi. Anatenga foni, chikwama, nsapato. Mmodzi anandiika mpeni pakhosi, n'kumandiyang'ana ngati akuganiza. Kenako anangouchotsa, koma pothawa anandibaya m'nthiti. Ndagona m'chipatala milungu iwiri ndi theka. Bright anabisa dala, akuti musadandaule. Dzulo ndi pamene wandipatsa makalata anu onse.

Linali Loweruka, pa 15 Juni. Ndinatuluka mu shopu hafu thwelofu kukagula chakudya. Kuyenda kwake ndi mphindi khumi. Sindikunena kanthu. Inu ndi a fizikisi.

Tsopano ndiulule, poti mpeni umaphunzitsa. Katiriji ija ndi feki. Sindinaigule mu shopu. Ndinaigula pansi, pa msewu, kwa munthu wogulitsanso maloko ndi mankhwala a makoswe. Nthawi imeneyo ndinkagona m'galaja. Bizwick ataona bokosi anandikumbatira, n'kumaonetsa mudzi wonse kuti mng'ono wake walemera ku Joni. Ndinalephera kumuuza ali moyo, ndiye ndinafuna ndimunamizebe atafa. N'chifukwa ndinati musatsegule. Ndinadzinamiza kuti mwina ipirira pa 5. Kufunda kuja ndi tchipi ikupsa. Ndikanatha kuwotcha dzina la mkazi wake chifukwa cha manyazi anga.

Musaiikenso pa 5, ngakhale kamodzi. Tsegulani. Sikuluwu yake ndi yachilendo: tenthetsani kumapeto kwa bolopeni, mukanikize pamutu pake, pulasitiki ikauma mupotoze. Werengani nambala ya tchipi, mupime kabatire osakagwedeza. Swichi pa 3.3. Chingwe changa chitayeni, mupeze chachifupi, chonenepa. Sola muisiye, bwerekani laputopu ya batire yamoyo. Pukutani mano a katiriji ndi spiriti. Mukopere katatu. Zikafanana katatu konse, chilembo ndi chilembo, zimenezo ndiye zimene Bizwick analemba. Zina zonse zinali njala ya magetsi.

Asibweni muwauze kuti amene wapempha kutsegula ndi ine, wa kumitambo.

Zikani


Kande, 14 Julayi 2024

Kwa Bambo Zikani Longwe, wobayidwa, wabodza, wamoyo.

Moni. Nthitizo zipole msanga kuti ndidzazithyole ndekha.

Asibweni atamva kuti uli moyo analira, anadya nsomba ziwiri, kenako anabwerera pa chigamulo chawo. Tinakangana masiku anayi. Lachisanu, simenti itafika kale pa ngolo, anati, "Tsegulani, koma pamaso panga, ndipo Baibulo likhale patebulo." Ndinavomera. Linathandiza kupsinja mapepala ku mphepo.

Bolopeni yachitatu ndi imene inagwira. M'kati, Ada Longwe, munali manyazi anu onse: kabolodi kopyapyala ngati bisiketi, waya womata ndi guluu, tchipi ya 3.3 yolembedwa moonekeratu. Kabatire kanapima mavolti 2.2, mwendo wake umodzi utadyeka dzimbiri, ukungogwira ndi chisomo. Ndinapuma pang'onopang'ono ngati ndanyamula dzira losweka.

Laputopu ndinabwereka ya a hedi. Chingwe chachifupi ndinachipeza ku Chintheche. Swichi pa 3.3. Nthawi 10 koloko m'mawa, kunja kuli mbee. Monica ndinamuitana akhale pakhonde. Asibweni anayang'ana kumbali koma sanamuthamangitse.

Kukopera koyamba: pulogalamu sinadandaule. Kachiwiri: chimodzimodzi. Kachitatu: chimodzimodzi, nambala yotsimikizira yofanana mpaka kumapeto. Katiriji yozizira ngati mwala wa m'madzi.

Khola linatseguka loyera, nkhunda iliyonse ndi mutu umodzi. INESS m'khola. ZIKANI m'khola. MAXWELL m'khola, yonenepa kuposa zonse, pa thabwa lapamwamba, asibweni anakhosomola. Pa chisa cha pakona panali nkhunda yoyera: MONICA. Mtsikana uja anaphimba nkhope ndi chitenje.

Malo a pambali pake anali opanda kanthu. Ndinapita kumitambo. Ada, Ama, agogo. Pomalizira, BIZWICK. Ukukumbuka ndinakuuza kuti tsiku lachiwiri la malungo amene anamutenga aja anapempha gemu yake, n'kuisewera pang'ono, n'kundibwezera akumwetulira? Anadziulutsa yekha, Zikani. Ife tikuthamangira galimoto, iye anali atalemba kale.

Ndinkafuna kutseka. Asibweni ndi amene anati, "Nanga icho pansi pa yoyerayo?" M'chisa munali kamwana ka nkhunda, kopanda nthenga. Ndinakadina. KHUMBO.

Pabanja pathu palibe Khumbo, ngakhale kumanda. Ndinatembenuka kuti ndifunse, koma Monica anali ataimirira, akubwerera chambuyo mpaka anagunda chipupa. Anamasula kathumba, n'kuponya patebulo buku la sikelo. Pachikuto: Khumbo, wamkazi, 11 Malichi 2024.

"Sankadziwa," anatero. "Ama, ndikulumbira, sankadziwa. Inenso ndinadziwa maliro atapita. Dzinali anapereka ndi ada anga ku Usisya, mwana ali ndi sabata. Bizwick sanaonanepo nawo."

Ndayesa njira zonse. Kabokosi sikalemba. Ine dzinalo sindinkalidziwa, asibweni anaonetsetsa zimenezo. Magetsi ogwedezeka amaswa zilembo, sapeka dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi katatu motsatizana. Mwina munthu wosamva amaona pathupi pa mkazi zimene mkaziyo sanazione. Mwina analemba dzinalo m'dzanja la Monica tsiku lina ngati masewera, iye n'kudzalitchula kutulo ada ake akumva. Mwina. Ndili ndi "mwina" asanu ndi awiri, ndipo palibe amene ndingamupatse malikisi.

Asibweni anavula chipewa. Kenako anatambasula manja, n'kunena kwa Monica, "Ama, tipatseni Khumbo timuone." Anamuyang'ana makutu, akuti ndi a kwa Longwe, oimirira ngati a mleme. Mwanayo anawakodzera pa jekete. Iwo anati ndi dalitso. Mawa akupita okha ku Chintheche kukapereka mawu osema, mayina awiri, ndipo munda wa kumtunda akuti Monica ayambe kudzala chinangwa mvula ikagwa.

Potseka katiriji, mwendo wa kabatire uja unaduka. Sindinaugunde. Ndinakoperanso kachinayi: khola lopanda kanthu, mitambo yopanda kanthu, gemu ikupempha dzina la wosewera watsopano. Dzulo asibweni aiika m'simenti monga ananenera, ndipo sindinatsutse. Zokopera zija ndazisunga malo atatu. Sindinazitsegulenso, ndipo sindikufuna kudziwa ngati zikadali chimodzimodzi.

Tsopano CHIPEPESO. Bodza lanu, Ada Longwe, linali la mavolti 1.7, kuchotsa 3.3 pa 5. Linandiika ine kumitambo kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu, linasalitsa kudya mkulu wa mpingo, ndipo landisiya mphunzitsi wa fizikisi amene mawa akaima pamaso pa Fomu 4 kunena kuti chilichonse chili ndi chifukwa chake, nkhope ili gwa. Bwalo la pakhonde lagamula mbuzi imodzi pa volti iliyonse. Choncho mubweretse pa 10 Ogasiti mbuzi imodzi yathunthu ndi magawo asanu ndi awiri mwa khumi a mbuzi ina. Zonse ziwiri zifike zamoyo, zikuyenda zokha. Yathunthuyo ndi ya Khumbo. Inayo ndi yanga, ndipo ndidzaipima ndi mita.

Mlongo wako, wa m'khola,
Iness